Dzina Lachinayi la Abusa Mudenda

Komiti ya mpingo wathu wa ku Mfuwe inakhala pansi m'nyengo yachisanu kukambirana za mwala wa pamanda a Abusa Eliya Mudenda, popeza chaka chinali chitadutsa chimwalirireni. Apampando anawerenga mawu oti mmisiri wa ku Chipata akaseme: dzina lawo, zaka zawo, ndime ya m'Baibulo, ndipo m'munsi mwake mayina anayi amene ankabisalamo polemba mabuku a ana. Atawerenga lachinayi, anthu anawomba m'manja. Ine sindinawombe. Ndinatsegula chikwama changa, ndipo ndinamva wina kumbuyo akunong'oneza mnzake kuti, "Basi, ayamba a Mbewe ndi mapepala awo."

Ndinayambadi. Ndisanapume ndinali kalaliki wa khoti laling'ono ku Jumbe, ndipo mpingo uno ndaulembera kuyambira tchalitchi chili chofolera ndi udzu. Pepala sinditaya. Mabuku onse a Abusa Mudenda, kupatula awiri omaliza, ndinawataipa ndine, ndipo kaboni wa tsamba lililonse ali m'thiranki pansi pa bedi langa, pamodzi ndi maenvulopu. Amene akufuna kumva kuti anali munthu wopanda banga akafunse apampando. Ine ndilemba zimene zili pa mapepala.

Anabwera kuno kuchigwa kuchokera kumwera, kumene anaphunzira ubusa kwa Amethodisti. Mipingo inali itaphatikizana kalekale, koma iwo mpaka imfa ankadzitchabe Mmethodisti, ndipo ankatchula mawuwo ngati munthu wokuonetsa wotchi yake. Kolala yoyera sankaivula ngakhale mu Okutobala, dzuwa likamang'amba nthaka. Thukuta linkatsikira m'kolalamo, iwo n'kumati m'busa wovula kolala sachedwa kuvula zina. Chikunda, chilankhulo chathu cha kuno, sanachiphunzire, ati lilime lawo linakalamba, ndipo miyambo yathu ankaionera patali monga momwe alendo a m'maloji amaonerera njati, ali m'galimoto. Koma Chinyanja ankachilemba bwino kuposa ambiri a ife, ndipo ankadziwa kuti akuchidziwa.

Ankalemba m'mawa uliwonse m'kachipinda kovaliramo kuseri kwa guwa, pa tebulo lofupika mwendo umodzi, ndi inki yobiriwira. Wodwala akatumiza uthenga teni koloko isanakwane, ankayenera kudikira.

Dzina loyamba linali Malume Kakowa, wolemba nthano za nyama. Lachiwiri linali Mayi E. Tembo, olangiza atsikana za ukhondo, ngakhale abusawo sanachapepo ndi kampango kawo komwe. Lachitatu linali Mphunzitsi Wopuma. Ameneyu sankalemba mabuku. Ntchito yake inali kulemba makalata ku kanyuzipepala ka mpingo kosindikizidwa m'tauni, kuyamikira mabuku a Malume Kakowa ndi a Mayi Tembo. Ankayamba ndi kuwadzudzula pang'ono m'ndime yoyamba kuti anthu asakayikire, kenako n'kuwatamanda ndime zinayi zotsalazo.

Ndikawafunsa chifukwa chobisalira, ankati mwana safunsa amene anabzala mango, amangodya. Mawu okoma. Koma ndili nayo kalata yochokera kwa akuluakulu a mpingo, yowachenjeza kuti anatumidwa kukaweta nkhosa, osati kukapeka nthano. Mayina anayamba kalatayo itangofika.

Akamaliza nthano, ine n'kuitaipa, ankaiika mu envulopu, n'kulembapo adiresi yawo yomwe ndi dzanja lamanzere, n'kupatsa kondakitala wa minibasi kuti akaiponye ku positi ku Chipata. Patapita masabata awiri inkabwerera ili ndi chidindo. Lamlungu ankaitsegula pamaso pa ana a Sande sukulu, nkhope ili yodabwa ngati ya munthu wotola dzira panjira, n'kunena kuti, "Taonani ana, Malume Kakowa atikumbukiranso." Ine ndili pa benchi lakumbuyo, zala zikuwawabe.

Tsiku lina Malume Kakowa analemba kuti mvuu inameza nsomba mulu wonse pa kadzutsa. Ndinawauza kuti mvuu imadya udzu, ndipo mwana aliyense wa ku Nkwali amadziwa zimenezi chifukwa ndi mvuu yomweyo imamaliza dimba la amayi ake.

"Zoona, a Kalaliki?" anatero. "Chabwino, ndimuuza Kakowa."

"Mukamuuzira kuti, abusa? Si uyu wakhala pampandoyu?"

"Inu taipani. Khoti munalisiya ku Jumbe."

Nsombazo zinatsala m'buku, ndipo masikauti osunga nyama anaseka chaka chonse.

Sindinama, mabukuwo anali abwino. Adzukulu anga anaphunzirira mmenemo kuwerenga. Munali mayina a mitsinje yathu ndi mitengo yathu, pa nthawi imene mabuku ena onse ankakamba za sitima ndi migodi zimene ana a kuno sanazionepo. Kukanakhala kuti mayina anathera pa atatu, bwenzi ndili chete, n'kuwasiya agone ndi mvuu yawo yodya nsomba.

Fanuwelo Chulu anali sikauti wosunga nyama, wokhala pa kampu ina kutsidya kwa mtsinje. Anali munthu wofatsa, woimba besi mu kwaya akakhala pa tchuthi. M'dzinja la chaka chimene masankho anadzasintha boma, bwato linagubuduka naye pa Luangwa madzi atadzadza. Anzake awiri anagwira nthambi, iye sanaonekenso. Anafunafuna masiku asanu. Atalephera, abale anachita monga timachitira thupi likasowa: anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake. Mwambo wa maliro anayendetsa ndi Abusa Mudenda, ndipo dzinalo m'kaundula wa maliro ndinalilemba ndine.

Anasiya mkazi, Esinati, ndi mwana wamkazi mmodzi, Dailesi. Kuno mkazi wamasiye sakhala mfulu mpaka abale a mwamuna atamusudzula, ndiye kuti atasonkhana n'kumuuza pagulu kuti mwana wathu anapita, iwe wamasuka, ukhoza kukwatiwa. Chifukwa thupi silinapezeke, a Sakala, amalume ake a Fanuwelo, anati padutse kaye mvula ziwiri. Esinati anadikira. Mvula yachiwiri itatha, a Lungu, ophika pa loji ina ku Nkwali, munthu wamkulu amene nayenso anafedwa, anatumiza ankhoswe. A Sakala anavomera, n'kuika tsiku losudzula akadzatha kukolola mapira.

Miyezi ingapo izi zisanachitike, abusa anandipatsa kope la inki yobiriwira kuti nditaipe. Inali nthano ya sikauti amene anapulumutsa ana asukulu bwato litagubuduka. Pa chikuto analemba mutu, Sikauti ndi Bwato, ndipo pansi pake: lolembedwa ndi Fanuwelo Chulu.

"Abusa, dzina ili lili ndi eni ake."

"Mwini wake ndinamuika m'manda ndi manja angawa."

"Munaika thunthu la nthochi."

"Ndikumulemekeza, a Kalaliki. Ana a dziko lonse adzamutchula. Kodi mukufuna aiwalike?"

"Kafunseni kaye amalume ake. Dzina la womwalira kuno silitoledwa ngati nkhuni."

"Chinsinsi chikadutsa kwa amalume chimafika pamsika dzuwa lisanalowe. Taipani."

Ndinataipa. Ichi ndikuchivomera ndekha wina asanandikumbutse, ndipo kaboni wake ali pamwamba pa ena onse m'thiranki.

Buku linatuluka, ndipo monga mwa chizolowezi Mphunzitsi Wopuma analilembera kalata. Ulendo uno anapitirira muyeso. Analemba kuti iye mwini anakumana naye wolembayo ku Ndola, mnyamata waulemu wochokera kuchigwa cha Luangwa, ndipo anamwera limodzi tiyi. Kalata imeneyi sinadutse pa taipi yanga. Anailemba pamanja, chifukwa ankadziwa chimene ndikananena.

Mabuku anafika pa sukulu kutatsala masabata atatu kuti Esinati asudzulidwe. Dailesi anali giredi fili, atangodziwa kumene kuwerenga. Analandira buku lake, n'kuwerenga chikuto pang'onopang'ono ndi chala, n'kutuluka m'kalasi osapempha. Anathamanga mpaka kumunda kumene amayi ake ankadula mapira.

"Amama, atata alemba buku."

Pofika Lamlungu, Mfuwe yense ankadziwa kuti Fanuwelo ali moyo. Wina anawerenga kalata ya Mphunzitsi Wopuma mokweza pamsika. Dalaivala wina anati anamuonadi ku Ndola atavala jekete. Ena anati anathawa ndi minyanga ya njovu, ena anati anathawa mkazi. Amene anati anathawa mkazi ndiwo anachuluka, chifukwa nkhani yotero imakoma pakamwa. A Sakala anatumiza uthenga kuti kusudzula kwaimitsidwa: sangapereke kwa mwamuna wina mkazi wa munthu wamoyo.

Ndinapita kwa abusa tsiku lomwelo. Ndinawapeza akudzaza inki m'cholembera.

"Mwamva?"

"Ndamva. Zizizira zokha, a Kalaliki. Nkhani za pamsika sizikwanitsa mwezi."

"Munene mawu atatu okha, abusa. Ndinalemba ndine, pepani."

Ndinaona m'maso mwawo akuwerengera. Akavomera Fanuwelo, ndiye kuti Mphunzitsi Wopuma ananama za tiyi wa ku Ndola. Mphunzitsiyo akagwa, agwetsa Malume Kakowa ndi Mayi Tembo amene anawatamanda zaka zonsezi. Ndipo akuluakulu a mpingo adziwa kuti m'busa amene anamuchenjeza wakhala akudzitumizira makalata pa minibasi. Mbali ina kunali anthu anayi a papepala, mbali ina mkazi mmodzi wamoyo. Anasankha mapepala.

A Sakala anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa bwemba pakhomo pawo, pa fotini awazi masana. Anali munthu wachilungamo, ndipo ankafuna kudziwa zoona, chifukwa mlongo wawo, amayi ake a Fanuwelo, anali atayamba kukhala m'mbali mwa msewu kuyang'ana minibasi iliyonse. Ndinapita ndi makaboni anga. Ndinawayala pa mphasa, n'kufotokoza zonse mwadongosolo, monga ndinkachitira kukhoti.

A Sakala anatola tsamba limodzi, n'kulitembenuza, n'kulibweza.

"A Mbewe, takumvani. Koma makina alibe dzanja. Pepala lotaipa angataipe aliyense, ndipo tonse tikudziwa kuti a Lungu ndi mnansi wanu." Kenako anatembenukira kwa abusa. "Abusa, makalata a anthu olemba mabukuwa amafikira kwa inu. Ana athu amaona mukuwatsegula. Tiuzeni. Mwana wa mlongo wanga ali moyo, kapena buku ili munalemba ndinu?"

Abusa anakonza kolala yawo. Esinati anali atakhala pansi kumbali ya akazi, maso ali pa iwo.

"A Sakala, olemba mabuku amandikhulupirira ndi zinsinsi zawo, ndipo m'busa saulula chinsinsi cha munthu. A Mbewe amataipa zinthu zambiri. Ine ndinganene kuti tipemphere, Mulungu aunikire banja lino."

Anapempheradi, pemphero lalitali, lokonzedwa bwino. Ine sindinatseke maso. Atati amen, a Sakala anagamula kuti popeza abusa sanakane kuti Fanuwelo ali moyo, Esinati akhalabe mkazi wa kwa Chulu mpaka zoona zitadziwika.

Kuyambira tsikulo sindinawataipirenso kanthu. Anapeza wina ku Chipata, ndipo Malume Kakowa anatulutsa mabuku ena awiri. Kaundula wa mpingo ndinapitiriza kulemba, chifukwa kaundula si wa m'busa. Tinkaonana Lamlungu lililonse. "Mwaswera bwanji, a Kalaliki?" "Ndaswera, abusa." Zaka zisanu, mawu athu anali amenewo.

A Lungu anadikira chilimwe chimodzi, n'kudikiranso china. Anthu anayamba kuwatcha wosunga malo a Fanuwelo. Chaka chachitatu anapeza ntchito pa hotela ku Chipata, n'kukwatira komweko. Sindiwadzudzula. Esinati anatsala pakati, wosakhala wamasiye, wosakhala wapabanja. Munda wa mwamuna ankaulima, koma sukanakhala wake. Kwawo sakanabwerera, chifukwa akanati wathawa ukwati. Ankagulitsa ndiwo zamasamba kwa ogula a m'maloji, ndipo njira yake yopita kumsewu inkadutsa pansi pa zenera la kachipinda kamene abusa ankalemberamo.

Kamodzi kokha ndi pamene anawalankhula, ine ndikumva. Linali Lamlungu, anthu akupereka moni pakhomo la tchalitchi. Itafika nthawi yake, sanatambasule dzanja.

"Abusa, tiyi uja wa ku Ndola, anathira masupuni angati a shuga?"

"Esinati, mwana wanga, pirira. Mulungu ali ndi nthawi yake."

"Ndikufunsa chifukwa kunyumba tiyi sankamwa. Ankati amamutentha pamtima. Mwina mtsinje unamuchiritsa."

Amayi ena anaseka, n'kugwira pakamwa. Abusa anayang'ana kwa munthu wotsatira pa mzere.

"Ine ndikudziwa, inu mukudziwa, a Mbewe akudziwa," anatero Esinati motsitsa mawu. "Chatsala ndi pakamwa panu pokha, abusa."

Lamlungu lotsatira analalikira za kupirira kwa Yobu. Zolemba za ulalikiwo ndili nazo.

Anthu amakonda kunena kuti nkhaniyi inkawadya mumtima, kuti ndiyo inawaondetsa. Ine ndinkawaona akudya. Chimene ndinganene ndi chakuti tebulo lawo analitembenuza, kuti akhale chofulatira zenera.

Anamwalira m'dzinja atadwala malungo masiku anayi. Pamaliro panabwera akuluakulu ochokera m'tauni, ndipo ana a Sande sukulu anaimba. Patapita masabata atatu, Amayi Busa, amene zaka zonsezi sindinawamvepo akutsutsa amuna awo ngakhale pa za mchere, anandiitana. Ananyamula kope la inki yobiriwira atalikulunga m'chitenje, ndipo tinayenda wapansi mpaka kwa a Sakala. Analiika pa mphasa yomwe ija. Dzanja la abusa aliyense ankalidziwa, chifukwa linali pa makadi onse a ubatizo a m'mudzimo. Mkati mwa kopelo munalinso kalata yoyeserera ya Mphunzitsi Wopuma, m'mene Kitwe anaifufuta n'kulemba Ndola.

A Sakala anawerenga nthawi yaitali.

"Amayi, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa, a Sakala. Koma nyumba inali ya abusa."

Amayi ake a Fanuwelo anali atamwalira chaka chapitacho, akuyang'anabe minibasi. Esinati anasudzulidwa mwezi wotsatira. A Sakala anapepesa pagulu, chinthu chimene m'busa wophunzira kwa Amethodisti sanathe kuchita. Anamuuza kuti wamasuka, akhoza kukwatiwa. Iye anawomba m'manja mwaulemu, n'kufunsa kuti, "Ndi ndani, apongozi?"

Umu ndi momwe chinsinsi cha mayina chinatulukira, ndipo muone mtima wa anthu: m'malo mochita manyazi, mpingo unanyada. Abusa athu anali olemba mabuku. Abusa athu anali anthu anayi. Ndiye chifukwa chake pa msonkhano wa mwala uja anawomba m'manja.

Nditamaliza kuyala mapepala anga pa tebulo la komiti, apampando anapuma mozama.

"A Mbewe, zonsezo tikuzidziwa. Koma munthu anapita. Ndipo buku limenelo ndi lomwe linatchuka kuposa onse."

"Linatchukadi. Kafunseni Esinati mmene linatchukira."

"Mmisiri anayeza kale mizere inayi pa mwala."

"Ayezenso."

Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza anagwirizana zotumiza amayi awiri a chigwirizano kukafunsa Esinati, mwini nkhani. Anamupeza akumanga mitolo ya repu. Anawamvera mpaka kumapeto osasiya ntchito, kenako anati, "Dzina limenelo lili ndi manda ake kale. Mufuna kuliika kawiri?"

Mawu amenewa ndinawalemba m'buku la misonkhano monga anawabweretsera amayiwo, ndipo apampando anasaina.

Mwala unabwera pa lole ya simenti mwezi watha. Mmisiri sanayezenso. Pansi pa ndime ya m'Baibulo pali Malume Kakowa, Mayi E. Tembo ndi Mphunzitsi Wopuma, ndipo m'munsi mwawo muli mpata wa mzere umodzi, wosalala, wopanda chilembo. Alendo amaganiza kuti mmisiri analakwitsa. Ine sindiwakonza.

M'kachipinda kuseri kwa guwa m'busa watsopano salemberamo, amangosungiramo ng'oma za kwaya. Tebulo lilipo, njerwa ikadali pansi pa mwendo wofupika uja, ndipo pamwamba pake pali banga lobiriwira limene sopo walikana. Mpando anautengera ku Sande sukulu. Sabata yatha ndinalowamo kukatenga kaundula, n'kupeza kuti wina posesa analibweza tebulolo momwe linkakhalira kale, moyang'ana zenera. Inali isanakwane teni koloko. Esinati anadutsa panjira ndi dengu lake pamutu, imvi zikuonekera m'mphepete mwa duku, ndipo sanayang'ane mkati.